Kanyimbo Kotsanzikira Kachikumbu

Mumsewu wa zamagetsi, muja mashopu amathinana ngati mano, munali bambo wina amene aliyense ankawatchula kuti a Chikumbu. Dzinali silinali la makolo ayi. Linachokera ku katundu amene ankagulitsa, tizoimbira ta m'thumba tija unkangothiramo nyimbo kuchokera pakompyuta, n'kutsekera tizingwe m'makutu, iwe n'kumayenda ukugwedeza khosi wekha mumsewu ngati wazungulira mutu. Kampani ina inkapanga takuda, totukuka kumsana, ta mabatani asanu olimba, ndipo anthu anangoti timeneti n'tizikumbu. Kampani ina inkapanga toyera, tosalala, toterera m'manja, anthu n'kuti tisopo. Wogulitsa tisopo anali ndi shopu yake kutsidya kwa msewu, khomo kuyang'anizana ndi khomo, ndiye n'zosachita kufunsa kuti iwowo anali a Sopo.

A Chikumbu anali munthu wamfupi, wachangu, wa magalasi omanga ndi kawaya mbali imodzi. Anakulira kukonza mawailesi a makaseti, ndipo anali ndi ulemu waukulu pa chinthu chilichonse chimene munthu angachitsegule ndi sikuludiraiva n'kuona m'mimba mwake. Kachikumbu ankakakhulupirira monga mmene ena amakhulupirira mpingo wawo. Kasitomala akangoponda pakhomo, ulaliki unkayamba.

"Onani achimwene, aka kali ndi wailesi. Kamajambula mawu. Batire likafa mutsegula kumsanaku n'kuikamo lina. Mukakagwetsa kamadzuka n'kupitiriza kuimba. Nanga ka kutsidyako kali ndi chiyani? Nkhope basi. Inu mungakwatire nkhope?"

Zonsezi zinali zoona, munalibe bodza ngakhale limodzi. Vuto n'lakuti anthu ambiri amakwatiradi nkhope.

Kuseri kwa kauntala, pakampando kopanda chotsamira, pankakhala akazi awo. Iwo ndi amene ankayang'anira kompyuta, kuthira nyimbo m'tizikumbu togulidwa, ndi kukumbukira kuti kasitomala uyu amakonda zakutchalitchi, uyo amakonda zovina koma amachita manyazi kunena. Analinso ndi ntchito ina imene inayamba mwangozi. Shopu idakali yatsopano kunabwera mphunzitsi wina wokayikakayika, wofuna umboni woti kanthuko kamajambuladi mawu. A Chikumbu anadina batani lofiira n'kuyamba, "Wani, thu. Wani, thu."

"Abambo," anatero mayiwo, "munthu apite kwawo ndi mawu anuwo? Akaopsezere ana? Bweretsani kuno."

Anakatenga, kukayandikitsa pakamwa, n'kuimba kanyimbo kongopeka pomwepo:

"Pita bwino kachikumbu,
ukawaimbire eni ako.
Akakugwetsa usalire,
akakutaya ubwerere."

Mphunzitsi uja atamva mawuwo akutuluka m'tizingwe anaseka mpaka kugwira kauntala, n'kugula tiwiri. Kuyambira tsikulo palibe kachikumbu kanatuluka m'shopumo kosatsanzikidwa. Mawu a mayiwo sanali ngati a oimba a pawailesi. Anali otsika, ngati a munthu wongodzuka kumene, ndipo pa "ubwerere" ankakoka pang'ono ngati akufuna kuseka. A Chikumbu ankakamva kanyimboko kasanu, mwina kakhumi patsiku, mpaka anasiya kukamva, monga amachitira munthu wokhala pafupi ndi chigayo.

Nkhondo ya makampani awiriwo inkachitikira kutali, m'maofesi a anthu amene sanamvepo za msewu umenewu, koma a Chikumbu anali ndi njira yawoyawo yodziwira amene akupambana. Nthawi ya nkhomaliro ankaima pakhomo n'kumawerenga zingwe. Tizikumbu tinkabwera ndi zingwe zakuda, tisopo ndi zoyera, ndiye aliyense wodutsa ankalengeza yekha mbali imene ali. Chaka choyamba, pa anthu khumi otseka makutu, asanu ndi mmodzi anali a zingwe zakuda, ndipo a Chikumbu ankabwerera m'kati akuimba mluzu. Chaka chachiwiri anali asanu, iwo n'kuti ndi kamphepo chabe, kadutsa. Kunabweranso mitundu ina, kena kooneka ngati chivundikiro cha cholembera, kena kovala pamkono, koma timeneto tinkawala miyezi iwiri n'kuzimirira. Nkhondo yeniyeni inali ya kakuda ndi koyera. Opanga tizikumbu anawonjezera batani lina ndi malo a nyimbo zambiri. Opanga tisopo anangokachepetsa thupi, n'kukaika pazikwangwani zikuluzikulu m'manja mwa atsikana okongola. Pofika chaka chachinayi zingwe zakuda zinatsala ziwiri pa khumi, ndipo chimodzi mwa ziwirizo chinali cha mlonda wa pabanki amene a Chikumbu anachita kumupatsa ulere.

Mayi ankaona zonsezi ali pakampando kawo. Tsiku lina, amuna awo atabwerera kuchokera kowerenga zingwe nkhope ili ndwii, anati, "Abambo, bwanji tiikeko tisopo tiwiri titatu pashelefu apa? Anthu akufuna timeneto."

"M'shopu mwanga? Ndiyambe ndafa."

"Musafe, ndangofunsa," anatero mayi, n'kubwerera ku kompyuta yawo. Sanaibwerezenso nkhaniyo, koma ankati akafuna kuwaseka ankawaitana kuti abusa.

Kenako a Sopo anachita chinthu chimene a Chikumbu sanathe kuchikhululuka. Analemba pakhomo kuti aliyense wobweretsa kachikumbu kake kakale amutsitsirako mtengo wa kasopo. Anthu anakhamukira komweko. Ndipo tizikumbu tosiyidwato a Sopo sankatigulitsa kapena kutitaya. Anamanga waya pamwamba pa khomo lawo n'kumatipachika pamenepo ndi zingwe zake, tili lendelende, kuti aliyense aone, makamaka munthu mmodzi wa kutsidya.

A Chikumbu anapirira sabata imodzi. Lolemba lotsatira anawoloka msewu, chitsulo chowotcherera chidakali m'manja.

"Mukupachika ana anga pawaya ngati akuba?"

"Ana anu athawa okha kwanu, achimwene," anayankha a Sopo, munthu wamtali woseka ndi mapewa. "Ine ndangowapatsa pogona."

Anthu amene analipo anaseka, ndipo kusekako n'kumene kunapweteka koposa. Kuchokera tsikulo moni anafa pakati pa makomo awiriwo. Mayi okha ndi amene ankakwezabe dzanja m'mawa potsegula shopu, amuna awo akayang'ana kumbali.

Tsopano mumve za ukhondo wa a Chikumbu, pakuti m'menemo ndi mmene munabisala tsoka lawo. Kachikumbu kalikonse kobwerera m'manja mwawo, kaya kosinthitsa ndi katsopano, kaya kosiyidwa kuti akonze mwini wake osabweranso, iwo ankakatsuka. Kutsuka kwake sikwa madzi. Ankakalumikiza kukompyuta n'kufufuta zonse za m'kati, nyimbo, mawu, chilichonse, kuti katsale mbee ngati kochokera kufakitale. Ankanyadira kwambiri zimenezi. "Kwa ine katundu satuluka ndi litsiro la munthu wina," ankatero. Kanyimbo ka mayi nako kankapita limodzi ndi litsirolo. Mayi anafunsapo kamodzi, akuyang'ana kamzere kofufuta kakuyenda pakompyuta.

"Mpaka ine ndemwe mukufufuta, abambo?"

Iwo anayankha osatembenuka n'komwe. "Inu muli pompano. Muimbanso."

Mayi anadwala chaka chimene kampani ya tizikumbu inalengeza kuti yasiya kupanga. Matenda awo sanachedwe. Anayamba mvula ikuyamba, ndipo pamene inkatha kampando kaja kanali kopanda munthu. A Sopo anabwera kumaliro, anakhala kumbuyo, n'kuchoka osaonana maso ndi namfedwa. Patangopita zaka ziwiri mafoni anaphunzira kuimba okha, n'kumeza zonse, kachikumbu ndi kasopo komwe. Zingwe zimene a Chikumbu ankawerenga zija zinayamba kuthera m'mafoni, ndipo kenako zingwe zomwezo zinasowa. A Sopo anatsitsa waya uja, shopu yawo n'kuigawa pakati, theka likhale la ometa tsitsi, iwo n'kumagulitsa zikwama za mafoni. A Chikumbu anaphunzira kusintha magalasi osweka ndi timabowo totchajira. Wopambana ndi wogonja anakhalabe pamakomo awo akuyang'anizana, onse imvi zili mbuu, moni kulibe.

A Chikumbu sanakachotse kampando ka mayi. Ankakapukuta m'mawa uliwonse limodzi ndi kauntala, ndipo kasitomala akafuna kukhalapo ankamupatsa benchi.

Chimene chinawadzutsa chinachitika masana wamba. Mwana wawo wamkazi, amene ndi namwino ndipo ndi yekhayo wololedwa kukhala pakampandoko, anadzera kushopu ndi chakudya cha bambo ake. Pocheza anati, "Ababa, kanyimbo kaja amayi ankaimbira makasitomala kankati bwanji? Ndikufuna ndizimugonekera mwana."

A Chikumbu anaimba mizere yonse inayi osaphonya liwu. Koma ali m'kati moimba anazindikira kuti m'mutu mwawo akumva mawu awo okha, aja oopsezera ana. Anatseka maso n'kuyesa kuitana mawu a mayi. Nkhope inabwera. Mpango wobiriwira unabwera, ngakhale kachipsera ka pachala kanabwera. Koma mawu ayi. Milomo ya mayi inkagwedera m'maganizo mwawo ngati wailesi yakanema yotsitsidwa mawu.

"Ababa, mwatani?"

"Uli nawo mawu a mayi ako pafoni pakopo?"

"Zithunzi ndili nazo zambiri."

"Chithunzi chimaimba?"

Chitsime chimadziwika kuti n'chakuya chikaphwa. Munthu amene anatumiza mawu a mkazi wake m'matumba a anthu mazanamazana analibe ngakhale kamodzi kosunga kunyumba. Tsiku lomwelo anakhuthula madirowa onse. Anapezamo tizikumbu khumi ndi tinayi, anatiyatsa kamodzikamodzi, ndipo tonse tinali mbee, totsukidwa bwino ndi dzanja la katswiri. Anakhala pansi pasimenti, pakati pa mawaya ndi mabatire akufa, n'kulira kuposa mmene analirira pamaliro.

M'mawa mwake anapachika chikwangwani pakhomo: TIKUGULA TIZIKUMBU TAKALE, NGAKHALE TAKUFA. Achinyamata odutsa, amene sanaonepo kanthu koteroko, ankafunsana ngati madalawa ayamba zausing'anga. M'miyezi itatu kunabwera tisanu ndi tiwiri. Tina tinali titalowa madzi. Tina eni ake anafufuta kanyimboko tsiku lomwe anagula, kuti apeze malo a nyimbo zenizeni. Mlonda wa pabanki uja anamufunafuna mpaka kumupeza atapuma ntchito, koma iye anati zidzukulu zinakasandutsa mpira kalekale. Mphunzitsi woyamba uja anali atatsogola. A Chikumbu anayamba kuonda. Ankati akamva mayi aliyense wa mawu otsika akutsatsa malonda mumsewu, ankaika pansi sikuludiraiva n'kutchera khutu, mwina angawakumbutse. Sizinkathandiza. Ankangounjika mawu achilendo pamwamba pa amene ankawafunawo, ndipo ankaopa kuti tsiku lina adzatola a munthu wina n'kumati ndi omwewo.

Mwana wawo ndi amene ananena zimene iwo ankazidziwa kale.

"Ababa, nanga tija a kutsidya anapachika pawaya?"

"Anataya."

"Munawafunsa?"

A Chikumbu anatanganidwa mwadzidzidzi ndi foni ya munthu.

"Inu nomwe munkanena kuti kachikumbu kali ndi chingwe chakechake cha kukompyuta, sikalola cha mtundu wina. Iwo aja chingwe chimenecho analibe. Ndiye anatitsuka ndi chiyani?"

"Iwe, ine sindingakagwade kwa munthu amene uja."

"Chabwino. Khalani ndi ulemu wanuwo, uzikuimbirani."

Mwana ameneyu anatengera pakamwa pa mayi ake.

Msewuwo ndi wa mapazi khumi ndi awiri okha, koma a Chikumbu unawatengera masabata atatu. Paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Linali Lachiwiri m'mawa pamene anawoloka, atavala malaya ochita kusita ngati akupita kubwalo la milandu. Anapeza a Sopo atakhala pampando, mwendo wotupa atausanjika pakatoni, akupukuta fumbi pa zikwama za mafoni zimene palibe ankazigula. A Sopo anakweza maso.

"Mwasochera, achimwene?"

"Mwadzuka bwanji?" Moni ameneyu anatuluka movuta, ngati sikuluwu yadzimbiri.

"Tadzuka. Kaya inu."

"Tija munapachika tija..." anatero a Chikumbu. "Munatitaya?"

A Sopo anatsitsa mwendo wawo mosamala, n'kukankha katoni ija ndi phazi mpaka inakagunda nsapato za a Chikumbu. Inali yomanga ndi waya, waya womwe uja.

"Makumi anayi ndi tiwiri," anatero. "Chikwangwani chanu ndinachiona tsiku lomwe munachipachika. Ndinakaitulutsa kuseri katoniyi, ndakhala nayo pano miyezi inayi. Ndimati ndikabweretsa ndekha munena kuti ndabwera kudzakusekani."

"Ndikanaterodi."

"Ndikudziwa." A Sopo anaseka ndi mapewa, koma pang'ono chabe. "Mukufuna alamu anga, eti? Mukudziwa, achimwene, iwo akayamba kuimba kutsidyako ine ndinkatsitsa sipika yanga. Ndinkati kasitomala mwandilanda, koma kanyimboko ndimvera nawo ulere."

A Chikumbu anawerama, kunyamula katoniyo ndi manja awiri, n'kuwoloka nayo pang'onopang'ono, galimoto zikuwaimbira hutala.

Mabatire onse anali atatupa. Apa ndi pamene ulaliki wawo wakale uja unaonekera mphamvu yake. Ankatsegula kumsana, kuchotsa lakufa, kulumikiza lina, kanthu kaja n'kuphethira kuwala patatha zaka khumi kali chigonere. Kasopo sikakanadzuka chonchi. Analakalaka atauza munthu zimenezi, koma oti awauze anali mayi omwewo amene ankawafunafuna.

Ankatsegula tiwiri kapena titatu patsiku, pakati pa mafoni a anthu, chifukwa mtima sunkalola kupitirira apo. Munali miyoyo ya anthu osawadziwa: wophunzira akuloweza mayina a mafupa, khanda likulira, mwamuna wina akuyeserera mawu ofunsira mbeta n'kumalakwitsa pamodzimodzi. Zimenezi sanafufute. Anali atasiya kutsuka. A Sopo ankati m'mawa uliwonse akweze nsidze ali pakhomo pawo, a Chikumbu n'kupukusa mutu, ndipo ameneyo ndiye anali moni wawo watsopano.

Atatsegula makumi awiri ndi tiwiri osapeza kanthu, anatenga kena kobenthuka pakona, kolembedwa ndi utoto wa zikhadabo kumsana. Pamndandanda wa mawu ojambulidwa panali chinthu chimodzi chokha, choyambirira, cha masekondi khumi ndi anayi. Analephera kudina okha. Anatuluka pakhomo n'kukodola a Sopo, amene anawoloka akutsimphina, ndipo madala awiriwo anakhala pabenchi phewa ndi phewa atagawana chingwe chimodzi chakuda, aliyense khutu limodzi.

Anadina.

Kunamveka kaye phokoso la msewu wakale, hutala ya galimoto, wina akuseka chapatali. Kenako mawu aja, otsika, ngati a munthu wongodzuka kumene, ali pafupi kwambiri moti a Chikumbu anatembenukira kukampando.

"Pita bwino kachikumbu, ukawaimbire eni ako. Akakugwetsa usa..."

"Basi, basi, amayi, zakwana. Kwabwera kasitomala wina."

Amenewo anali mawu awo a Chikumbu, achangu, a munthu wotanganidwa. Mayi anaseka, n'kuuza wogulayo, "Mwaona? Sandilola n'komwe kumaliza." Kenako zii.

A Sopo anayang'ana pansi. A Chikumbu anadinanso, n'kudinanso. Ulendo uliwonse mayi akafika pa "akakugwetsa" milomo ya amuna awo inkagwedera, ndipo ulendo wachinayi a Sopo anamva zimene ankanena. "Tawasiya amalize, iwe. Tawasiya." Koma munthu wa m'katimo sankamva. Anali pachangu, kunali kasitomala.

"Mawu ndi omwewo, achimwene," anatero a Sopo. "Mwawapeza."

"Ndawapeza." A Chikumbu anavula magalasi n'kuwapukuta ndi malaya, ngakhale chonyowa sichinali magalasiwo. "Koma mzere womaliza uja. Pa 'ubwerere' ankakoka pang'ono. Ndi pamene ndikupafuna."

Anayesa kukumbukira kuti pa zaka zonse zija ndi kangati anawalola kufika kumapeto, ndipo yankho limene linabwera sanalikonde. Kachikumbu kobenthukako anakaika pakampando ka mayi, n'kukokera katoni pafupi. Munatsala khumi ndi tisanu ndi tinayi. Anatenga kamodzi, kukagoneka chafufumimba pakauntala, n'kupempha a Sopo kuti awagwirire tochi.